Pisitola yopopera vanishi: musanagule, werengani manambala a mpweya

Mukalowa m'sitolo ya zitsulo mumzinda wa Tete kapena ku Lichinga, mudzapeza mapisitola opopera penti atapacikidwa pakhoma, akunyezimira ngati zibangili. Wogulitsa adzakutsitsirani imodzi, inu n'kuigwiragwira, n'kuyesa kulemera kwake, mtima n'kumati basi, makabati anga tsopano awala ngati a ku Maputo. Taimani kaye. Pisitola ndi theka cabe la cida. Theka linalo ndi mpweya woikankha, ndipo amisiri ambiri amene anataya ndalama pa nkhaniyi anagwera pa theka laciwirili.

Ndikudziwa mmisiri wina wa matabwa wa ku Angónia, bambo wa manja abwino, amene anabwera m'kalasi la akuluakulu ali kale ndi imvi. Asanayambe sukuluyo anagula pisitola yaikulu ndi kompuresa yaing'ono ya thanki la malita 24, tsiku limodzi, cifukwa anali atalandira nchito ya kabati ya mlombwa ya pa ukwati. Citseko coyamba cinatuluka bwino mpaka theka. Kuyambira pamenepo pisitola inayamba kulavula madontho, kompuresa ikulira osapuma, vanishi n'kuuma mokhakhala ngati khungu la ng'azi. Anapala, anagulanso vanishi, anapoperanso, zotsatira zake zomwezo. Ukwati unacitika kabati ili m'khonde, ndipo eni ake anadula mtengo. Cimene cinamulakwitsa cinali citalembedwa pa katoni ya pisitola ndi pa kacitsulo ka pa kompuresa, manambala awiri okha. Nthawi imeneyo sankatha kuwawerenga. Inu mukutha.

Cimene pisitola imacita

Mpweya wothamanga ukakumana ndi madzi pa kabowo kakang'ono, umawaphwanya kukhala nkhungu. Nkhunguyo ikagwera pa thabwa, timadontho timagwirana n'kukhala khungu limodzi losalala, lopanda mizere ya bulashi. Nzeru yake ndi yomweyo basi.

Cidaci cinacokera kucipatala. Dokotala wina wa ku Toledo, m'dziko la Amereka, dzina lake Allen DeVilbiss, anapanga kacida kopopera mankhwala pakhosi pa odwala m'zaka za m'ma 1880, ndipo mwana wake Thomas anakasandutsa pisitola ya penti mu 1907. Cinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1920, pamene kampani ya DuPont inatulutsa penti ya magalimoto yochedwa Duco, youma msangamsanga moti bulashi sikanatha kuiyala isanagwire. Mfundo imeneyi ikugwirabe nchito mpaka lero. Vanishi wouma msanga, amene pa citini amalemba kuti verniz celuloso, anapangidwira pisitola. Wouma pang'onopang'ono, verniz sintético, amayalika bwino ndi bulashi. Ngati mumapanga bedi limodzi pa mwezi ndipo mumagwirira pabwalo pa fumbi, ine ndinganene kuti sungani ndalama zanu, gulani bulashi yabwino. Pisitola imabweza ndalama kwa munthu amene ali ndi mipando khumi ndi iwiri ya miyendo yokhotakhota, madesiki a sukulu, zitseko za nyumba yonse.

Manambala awiri aja

Mpweya uli ndi mphamvu yake, ulinso ndi kuculuka kwake, ndipo izi n'zosiyana. Taganizirani mpopi wa madzi. Wina umatulutsa kamadzi kocepa koma kolasa ngati singano. Wina umakhuthula madzi ambiri mofatsa, ndowa n'kudzaza msanga. Mphamvu ya mpweya amaiwerenga ndi bar kapena psi, ndipo bar imodzi ndi pafupifupi psi 14,5. Kuculuka amakuwerenga ndi malita pa mphindi, polemba amati l/min. Pa katundu wina mudzaona CFM m'malo mwake. CFM imodzi ndi malita 28 pa mphindi, mungoculukitsa.

Wogulitsa amakonda kukuuzani za mphamvu. "Iyi imafika 8 bar, bwana." Zoona, koma pafupifupi kompuresa iliyonse imafika pamenepo, ndipo pisitola sifuna zonsezo. Funso lenileni ndi lakuti: pisitolayi imadya malita angati pa mphindi, nanga kompuresayi imapereka angati?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pisitola yaikulu ya mtundu wa HVLP imadya malita 300 pa mphindi, zina kuposa apo. Kompuresa yaing'ono ya thanki la malita 24 ndi mota ya 2 HP nthawi zambiri imalembedwa nambala yoyandikira 200. Koma cenjerani, nambala imeneyo kawirikawiri ndi ya mpweya umene imakoka, m'Cipwitikizi aspiração. Umene umatulukadi ku paipi ndi theka lake kapena kuposerapo pang'ono, tinene malita 110. Ndiye kuti mphindi iliyonse mukupereweza malita 190. Thanki limakubwerekani kaye: likatsika kucoka pa 8 bar kufika pa 3 bar, lapereka malita 24 kasanu, amene ndi 120. Ngongole imeneyi simalizitsa ngakhale mphindi imodzi. Ndico cifukwa cake citseko ca bambo aja cinakoma theka lokha. Thanki lalikulu limangotalikitsa nthawi ya ngongole. Wobweza ngongoleyo ndi mota ndi pampu yake.

Tsono lamulo logulira ndi ili: sankhani pisitola imene njala yake ndi yocepa kuposa mpweya umene kompuresa imatulutsadi, ndipo patsale kamalo. Ngati kompuresa muli nayo kale, lembani nambala yake papepala, mupite nayo kusitolo.

Mitundu imene mungaipeze

Pisitola yakale ija, ya cikho ca lita imodzi copacikidwa pansi, imagwira ndi mpweya wamphamvu, 3 kapena 4 bar. Ndi yochipa, zopumira zake sizivuta, ndipo imaphwanya vanishi bwino. Vuto lake ndi kuwononga. Nkhungu imamenya thabwa n'kubwerera, moti pa malita atatu amene mwathira, mwina imodzi yokha ndiyo yakhala pa mpando. Ziwirizo zapita ndi mphepo, zina m'cifuwa mwanu.

HVLP ndi cidule ca mawu a Cingerezi otanthauza mpweya wambiri wa mphamvu yocepa. Potulukira pake mphamvu siposa 0,7 bar, ndiye nkhungu imatera mofewa, ndipo magawo 65 pa 100 alionse a vanishi, kapena kuposa, amakhala pa thabwa. Kwa munthu wogula vanishi ndi ndalama ya m'thumba mwake, kusiyana kumeneku kumaoneka pa kutha kwa mwezi. Koma ndi iyi imene imafuna kompuresa yaikulu. Ilipo ina yolembedwa LVLP, yodya mpweya wocepa, pakati pa malita 100 ndi 200 pa mphindi. Imayenda pang'onopang'ono, koma ndiyo bwenzi la kompuresa yaing'ono, ndipo kwa mmisiri woyamba kumene ndiyo ndingamulozere. Zambiri mwa izi cikho cake cili pamwamba, ca mamililita 600, vanishi amatsika yekha, ndipo potsuka simutaya wambiri.

Palinso zamagetsi zosafuna kompuresa, zokhala ndi kamota kouzira mpweya. Mpweya wake ndi wouma, zimanyamulika kupita nazo kunyumba ya kasitomala, koma zing'onozing'ono zochipa zimafuna vanishi wosungunulidwa kwambiri ndipo sizisalaza ngati zinazo. Makina aakulu opopera makoma, amene amakankha penti yokha ndi mphamvu yofika 200 bar, asiyireni openta nyumba. Amatha kulowetsa penti m'kati mwa cala, bala looneka laling'ono koma lodulitsa cala. Zitini zopopera za m'manja n'zokonzera pamene pakalika, osati zomalizira kabati.

Mawu amodzi pa magetsi. Mota ya 2 HP imadya pafupifupi mawati 1 500, ndipo podzuka imakoka kangapo kuposa pamenepo. Jenereta yaing'ono siidzutsa, ndipo waya wautali wowonda amaotcha mota. Ngati malo ogwirira nchito ali kutali, talikitsani paipi ya mpweya, osati waya.

Kabowo ndi kusungunula

Pa mlomo wa pisitola, umene m'sitolo amati bico, pali kanambala kosindikizidwa pa citsulo: 1.3, 1.4, 1.8, 2.0. Ndi kukula kwa kabowo m'mamilimita. Zamadzimadzi monga mankhwala osintha mtundu wa thabwa zimafuna 1.0 mpaka 1.2. Vanishi wamba amadutsa bwino pa 1.3 mpaka 1.5. Zolimba, monga tapa-poros wotseka timabowo ta thabwa ndi penti yoyambira, zimafuna 1.8 kapena 2.0. Ngati ndalama ikukwana mlomo umodzi wokha, 1.4 kapena 1.5 imagwira nchito zambiri za matabwa. Mlomo, singano ndi cipewa ca mpweya zimayendera limodzi. Mukasintha cimodzi sinthani zonse zitatu.

Citini ca vanishi cimalankhula, kungoti cimalankhula Cipwitikizi. Funani mawu awa: diluente ndi mankhwala osungunulira, amene ambiri timangoti thina, diluição ndi mlingo wake, demão ndi ulendo umodzi wopaka, secagem ndi nthawi youma, catalisador kapena endurecedor ndi mankhwala olimbitsa amene amabwera m'kacitini kapadera. Vanishi aliyense ali ndi thina wake. Wa celuloso amafuna diluente celuloso, wa sintético amafuna diluente sintético kapena aguarrás, wa madzi amafuna madzi oyera basi. Mukasokoneza, vanishi amadukaduka ngati mkaka wowola. Petulo, ngakhale ena amathira poti ndi wopezeka, musamuyese n'komwe: amawononga kuwala ndipo ndi moto woyembekezera macesi.

Amisiri akale amayesa kulimba kwa vanishi ndi kamtengo, kuona mmene akudonthera. Diso lotere limabwera ndi zaka. Inu gulani kacikho koyesera, ka mamililita 100 kokhala ndi bowo pansi, kolembedwa DIN 4 kapena Ford 4. Mumakadzaza, n'kuwerenga masekondi pa foni mpaka mtsinje wake utaduka. Vanishi wopopera nthawi zambiri amagwa pakati pa masekondi 18 ndi 25, koma citini cikanena zina mverani citini. Mukapeza mlingo umene wakukomerani, ulembeni m'kope pamodzi ndi dzina la vanishi ndi mwezi wake. Kenako sefani musanathire m'cikho. Sokosi ya nayiloni ya amayi imasefa bwino, kungoti mupemphe kaye.

Dzanja

Pisitola sibisa colakwa ca thabwa, imacionetsa. Palani ndi lixa motsatana, nambala 120, 180, kenako 220, motsata mizere ya thabwa, n'kupukuta fumbi lonse. Mlombwa, umene pa msika wa matabwa amati umbila, uli ndi timabowo totseguka. Popanda tapa-poros udzamwa vanishi wanu maulendo atatu uli cikhalire ndi ludzu. Paini wa ku Niassa ndi wofewa, pa mfundo zake pamatuluka utomoni, ndipo amamwa mtundu mosiyanasiyana, pena kuda pena kuyera. Yesani kaye pa kacidutswa ka thabwa lomwelo.

Pisitola ili ndi zopotokola zitatu: ca mpweya, ca kuculuka kwa vanishi, ndi ca kutambasuka kwa nkhungu. Imikani katoni, mukoke kamodzi mwacidule, muone cithunzi cimene catsala. Cabwino ndi cowulungika motalika ngati tsamba la mango, conyowa mofanana ponse. Cikakhota ngati nthoci, kabowo kena ka pa cipewa katsekeka. Cikawonda pakati n'kunenepa kumapeto, mpweya waculuka. Cikakhala ca madontho akuluakulu, mpweya wacepa kapena vanishi walimba. Nyanga ziwiri za pa cipewa zikagona copingasa, nkhungu imaima cilili, ndipo mumayenda kucoka kumanzere kupita kumanja. Mukazitembenuza, mumayenda cokwera ndi cotsika.

Mtunda wa pakati pa mlomo ndi thabwa ukhale masentimita 15 mpaka 20, pafupifupi cikhatho cotambasula. Ya mpweya wamphamvu ija italikireko pang'ono. Pisitola iyang'ane thabwa cindunji kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Apa ndi pamene ambiri amalephera, cifukwa dzanja limafuna kupeta ngati likupepeta mpunga, ndiye pakati pamanyowa kwambiri, m'mphepete n'kuuma. Yendetsani mkono wonse, thupi lizitsatira. Yambani kuyenda musanafike pa thabwa, kokani, mukasiye mutadutsa mbali inayo. Mzere uliwonse uphimbe theka la mzere wapitawo. Yambani ndi m'mphepete, m'makona ndi kunsi kumene anthu saona. Pamwamba pa tebulo pakhale pomalizira. Citseko cigonekeni ngati n'kotheka, vanishi sayenderera pa cinthu cogona.

Maulendo atatu opyapyala amaposa umodzi wonenepa. Pakati pa maulendo dikirani nthawi imene citini canena, mupale mopepuka ndi lixa ya 320, mupukute. Woyamba kumene athire madzi m'cikho apopere khoma lakunja madzulo awiri kapena atatu. Madzi sagulidwa pa mtengo wa vanishi, ndipo anzanu akakusekani asekere pa madzi.

Thabwa likakana

Zolakwa za pisitola zili ndi nkhope zake, ndipo mukazizindikira zimakuuzani zokha cocita. Misozi yoyenderera ikutanthauza kuti mwayandikitsa, mwacedwa pamalo amodzi, kapena thina waculuka. Isiyeni iume gwaa, kenako mupale, osaipukuta ikadali yaiwisi. Khungu la lalanje limabwera vanishi akalimba kapena mpweya ukacepa. Kukhakhala ngati mcenga ndiye kuti mwatalikitsa, timadontho tauma tisanatere. Timaenje tozungulira ngati maso a nsomba timacokera ku mafuta, kaya a m'kompuresa, a m'manja, kapena polishi wakale amene anatsalira pa thabwa.

Nyengo yathu nayo ili ndi mawu. Mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo vanishi wa celuloso amauma ali m'mlengalenga. Kumeneko poperani m'mamawa, pamthunzi, thabwa lisanatenthe. Ku Ulónguè ndi ku Lichinga, kumtunda kopitirira mamita 1 000, vuto ndi lina. M'dzinja, kapena m'mawa wa nkhungu wa mu Juni ndi Julayi, vanishi yemweyo amayera mbuu ngati mwathirapo mkaka. Cimacitika n'cakuti thina akamauluka msanga amaziziritsa thabwa, cinyezi ca mumpweya n'kutera n'kutsekeredwa m'kati. Dikirani dzuwa likwere, kapena onjezani pang'ono mankhwala ocedwetsa kuuma ochedwa retardador.

Madzi ena amacokera m'kompuresa momwemo. Mpweya ukapanikizidwa umasiya madzi m'thanki ndi m'paipi. Ikani kasefa kogwira madzi ndi mafuta pafupi ndi pisitola, ndipo tsiku lililonse poweruka tsegulani kampopi ka kunsi kwa thanki. Mudzadabwa ndi madzi ofiira amene atuluke. Kufiirako ndi dzimbiri, thanki likudyeka m'kati. Thanki lobooka ndi dzimbiri saliwocherera, limaphulika.

Cifuwa canu

Pali cikhulupiriro cofala pakati pa openta cakuti ukamaliza kupopera umwe mkaka, utsuka m'cifuwa. Mkaka ndi cakudya cabwino, imwani. Koma umapita m'mimba, pamene nthunzi ya thina yapita m'mapapo ndi m'magazi. Sizikumana n'komwe. Mutu ukayamba kuwawa, cizungulire, nseru, kumva ngati mwaledzera, thupi likukuuzani kuti mwapuma wambiri, tulukani panja.

Kansalu komanga pamphuno ndi kamasiki kapepala zimagwira fumbi, nthunzi imangodutsa. Cofunika ndi masiki ya labala yokhala ndi zosefera za makala, zolembedwa A ndi mzere wa bulawuni, pamodzi ndi zogwira nkhungu zolembedwa P. Igwire nkhope bwinobwino. Ndevu zimalowetsa mpweya m'mbali. Mukamaliza zitsekereni m'pulasitiki, cifukwa makala amapitiriza kumwa fungo ngakhale masiki ili pa msomali. Mukayamba kumva fungo muli mutavala, zatha, sinthani.

Woopsa kwambiri ndi vanishi wa poliuretano wa zitini ziwiri, wosakaniza ndi catalisador. Ndi wolimba, wowala, makasitomala amamukonda. Koma m'kacitini kakang'onoko muli mankhwala ochedwa isocianato, amene amayambitsa mphumu yosacoka, ndipo munthu akangoyamba kudana nawo, ngakhale kocepa kamamubanika. Mphuno siwamva pa mlingo umene ayamba kale kuvulaza, ndiye cenjezo la fungo lija pano siligwira. M'mafakitale amawapopera atavala masiki yolandira mpweya woyera kudzera m'paipi. Ngati mulibe zotere, maganizo anga ndi akuti musawapopere. Ndipo mukayamba kutsokomola usiku kapena kulira m'cifuwa masiku amene mwapopera, pitani kucipatala mukanene nchito imene mumagwira, citini comwe mutenge.

Kumbukiraninso mnyamata wokuthandizani, amene amagwira citseko inu mukupopera, kawirikawiri alibe ciliconse kumaso. Mapapo ake ndi ofanana ndi anu. Ana ndi amayi oyembekezera atalikire. Imani mphepo ikucokera kumbuyo kwanu. Nthunzi ya thina ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi mpaka ikapeze mbaula ya mayi wokazinga zitumbuwa kuseri kwa mpanda, kapena ndudu ya mlendo wobwera kudzaceza. Nsanza zonyowa ndi mafuta opaka matabwa musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja kapena muziviike m'madzi. Ndipo paipi ya mpweya si yokuntira fumbi pathupi kapena yoseweretsa mnzanu.

Kutsuka

Pisitola zambiri sizifa ndi ukalamba, zimafa ndi mawu akuti nditsuka mawa. Mukangomaliza, bwezerani vanishi wotsala m'citini cake, kupatula wosakaniza ndi catalisador, amene amalimba yekha m'maola ocepa ndipo akaumira m'kati pisitolayo mwaitaya. Thirani thina pang'ono m'cikho, khucumulani, poperani m'cidebe mpaka atuluke woyera. Masulani cipewa, kokani singano cakumbuyo musanamasule mlomo kuti nsonga isapindike, mutsuke zitatuzi ndi kabulashi kofewa. Timabowo tocolerani ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati waya kapena msomali. Mukakulitsa kabowo ndi kacidutswa ka milimita, nkhungu idzakhota mpaka kalekale. Pisitola yonse musaiviike m'thina, timalabala ta m'kati timauma n'kuyamba kudontha. Onaninso kabowo kopumira ka pa civindikiro ca cikho, cifukwa kakatsekeka vanishi amatuluka modukiza ngati munthu wa ntchilitchili.

Thina wotsukira musamutaye m'ngalande kapena pafupi ndi citsime. Muthireni m'botolo lotseka, mulembepo dzina ndi zilembo zazikulu, muike posafika ana. Pakapita masiku angapo zinyalala zimakhazikika pansi, ndipo wa pamwambayo mudzatsukira ulendo wotsatira.